Felesita ndi Kabotolo ka Bambo Ake

Mutu 4

1. Wophika wa pa loji

Ku Kande ukafunsa za a Bester, ngakhale mwana amakulozera. Ankagwira ntchito yophika pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Kwawo kunali ku Dedza, ndipo anabwera kuno ali mnyamata woonda ngati bango. Anakwatira mkazi wa Chitonga, Nyalongwe, wa ku Bandawe. Pofika nthawi ya nkhani yathuyi a Bester anali ndi mimba yotsogola, ndipo anthu ankawapatsa moni wa ubwana. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, sitifunsanso zambiri.

Mwana wawo woyamba anali Felesita, mtsikana wofatsa wa Fomu 3. Iye ndiye ankachapa zovala za banja lonse Loweruka lililonse.

Pakhomopo Nyalongwe ankaphika kondowole, nsima ija ya chinangwa, ndi chigwada, nyemba ndi usipa. A Bester sankakhudza n'komwe. Ankati kondowole imanunkha madzi a m'dambo. Iwo ankadya ku loji: buledi woyera, tchipisi, masoseji otsala kwa alendo, n'kutsitsira ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Tiyi wawo ndiye musanene, ankachita kukhala ngati uchi.

Mwezi ukatha ankatuma dalaivala wa pa loji kuti akawagulire makapisozi pamsika wa Mpamba, aja ofiira uku achikasu uku. Sikuti dokotala anawalembera ayi. Ankati akutsuka m'mimba. Anzawo ambiri a kukhitchini ankachitanso zomwezo, poti munthu wodya zamafuta, iwo ankatero, ayenera kutsuka matumbo monga amatsukira mapoto.

Koma chaka chimenechi zinthu zinayamba kusintha. A Bester ankamva ludzu losatha, ndipo ankapita kukataya madzi pafupipafupi. Kuseri kwa bafa, pomwe ankakonda kutayira madziwo, nyerere zinkasonkhana bii. Kenako anayamba kutsimphina. Nyalongwe atawafunsa anamukalipira kuti ndi nsapato yothina, ndipo mayiyo sanafunsenso. Bamboyo ankasamba ku loji, n'kumagona ndi masokosi.

Felesita yekha ndiye ankadziwa kuti si nsapato. Sokosi ya kumanja inkabwera kochapa ili gwaa ndi mafinya. Tsiku lina anawapeza bambo ake akumanga chala chachikulu cha phazi ndi kansanza. Mafuta otentha anawadonthera pamenepo nthawi ya mvula, koma mpaka mwezi wozizira wa June bala linali lisanapole. Anamuyang'ana ndi diso loti usayerekeze, ndipo iye sanauze munthu aliyense.

2. Kabotolo

Lachisanu lina ku loji kunabwera anthu a kafukufuku, pamodzi ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Ankapempha anthu akuluakulu, a m'midzi ndi a m'maloji, kuti apereke chimbudzi pang'ono m'kabotolo. Wobweza kabotoloko ankamubayanso pachala kuti amuyeze shuga. Sankakakamiza munthu. Koma a Bester ataona kuti anzawo onse alandira, manijala ali pomwepo, nawonso analandira. Anaopa kuti akakana anthu aziti akubisa kanthu.

Loweruka m'mawa anamuitanira Felesita kuseri kwa nyumba. Anatulutsa kabotolo ka chivindikiro chofiira, kokhala ndi kasupuni m'kati, n'kumuika m'manja. Anamuuza mosapita m'mbali kuti Lolemba aikemo chimbudzi chake iyeyo, akapereke kuchipatala, akanene kuti bambo atanganidwa ndi alendo.

Manyazi anamugwira mwana. Zinthu zotere bambo salankhula ndi mwana wake wamkazi, ndipo a Bester nawo ankayang'ana kumbali.

"Ada, koma si bodza limenelo?" Felesita anafunsa motsitsa mawu.

"Ndimvere bwino," a Bester anatero. "Makina a anthu amenewa amaona chilichonse. Akaona zanga adziwa kuti m'thupi mwanga simuli bwino, ndipo mawa lake nkhani ili kwa manijala. Unamuonapo bwana wosunga wophika wodwala? Ntchito ikatha, sukulu yako yathera pomwepo, ya azing'ono ako chimodzimodzi. Iwe ndiwe mwana, m'mimba mwako ndi moyera. Amayi ako asamve, ndipo usandifunsenso."

Felesita analandira kabotoloko ndi manja awiri n'kukabisa m'thumba la siketi. Kanali kopepuka, koma tsiku lonse ankakamva kakumugunda pantchafu.

3. Mawu a asibweni

Masana ake amayi ake anamutuma kukavuula chinangwa chomwe anaviika m'dziwe la kudambo. Pobwerera anadzera kwa a Edson Longwe, alongo awo a amayi ake, omwe iye ankawatchula kuti asibweni. Anawapeza atakhala pamthunzi wa mango, akupirikitsa nkhuku pathandala la chinangwa ndi imodzi mwa ndodo zawo. Mwendo wawo wa kumanzere unathera pabondo, ndipo buluku ankalipinda n'kulimanga ndi pini.

Atapatsana moni, a Edson anayamba kudzitama moseka kuti iwo kabotolo kawo adzaza kale, ndipo kuti kwa nthawi yoyamba chiyambire anthu ophunzira akufuna chinthu chochokera kwa iwo. Felesita sanaseke. Anatula beseni pansi n'kuwafunsa kuti mwendo wawo unayamba bwanji. Ana onse ankadziwa kuti unadulidwa, koma panalibe anayerekezapo kufunsa.

A Edson anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anamuuza kuti akhale pansi.

"Ine ndinapita ku Joni ndili ngati chingwe," anayamba. "Ndinakulira kondowole ndi chigwada, ndikupalasa bwato, ndikukwera mapiri a ku Ruarwe ndi katundu pamutu. Kumeneko ndinapeza ntchito mu hotela. Buledi, nyama, zotsekemera, tsiku ndi tsiku. Nditabwera kudzaona kumudzi anthu anavina, amvekere Edson walemera, taonani khosi. Inenso ndinakhulupirira. Sindinkadziwa kuti akuvinira matenda.

"Tinapita anyamata ambiri a kuno. Lero ukatiwerenga, uyu shuga, uyu kuthamanga kwa magazi, wina tinamuika chaka chatha. Abale athu omwe anatsala kuno akupalasabe mabwato. Magazi ndi amodzi, makolo ndi amodzi. Ine sindine dokotala, koma maso ndili nawo. Chinasintha ndi chimene tinkaika m'mimba.

"Mwendowu unayamba ndi kabala kosaposa njere ya chimanga. Sikankapweteka, ndipo kuipa kwake n'komweko. Shuga amapha kumva kuphazi, ndiye umati palibe kanthu. Ndinkamanga ndi nsanza, n'kumameza makapisozi a pamsika. Ndinkaopa kuti abwana akadziwa andichotsa. Tsiku lomwe ndinapita kuchipatala anachita kundinyamula, chala chitada ngati khala. Dokotala anati ndikanabwera msanga akanangotsuka bala n'kundipatsa mankhwala. Ntchito ija inathabe, mwendonso unapita. Ndinataya zonse ziwiri."

Anayang'ana nkhuku zomwe zinali zitabwereranso pathandala.

"Mlamu wanga ndimamuona akamadutsa pamsewupo," anatero motsitsa. "Akuponda ndi chidendene, monga ndinkapondera ine. Ndinamuyankhulapo, anandiyankha kuti ndisamale za mwendo wanga wotsalawu. Munthu wamkulu akachita mantha amasanduka wolusa, mwana wanga. Ndipo onse omukonda amayamba kumuthandiza kubisa, n'kumati ndi ulemu. Inenso anandilemekeza choncho."

Felesita anasenza beseni lake. Sanawauze za kabotolo kaja, koma njira yonse misozi inkangotsika yokha.

4. Kuchipatala

Ndikanakonda kukuuzani kuti Felesita anakana pomwepo, koma sizinali choncho. Lolemba m'mawa anachita zimene bambo ake anamulamula. Anakulunga kabotolo m'jumbo, n'kukaika pansi pa chikwama cha sukulu, n'kukwera kabaza. Mwana woleredwa bwino savuta kutuma, ngakhale kumutuma zolakwika.

Pakhonde la chipatala anapeza anthu ambiri, asodzi, amayi a m'midzi ndi antchito a m'maloji. Aliyense anabisa kabotolo kake, wina m'chitenje, wina m'chipewa, ndipo panalibe woyang'ana mnzake kumaso. Bambo wina wachikulire anafunsa mokweza kuti kodi anthu ophunzira akufuna chiyani ndi zonyansa za anzawo, popeza iye anakula akumva kuti zotere sapatsa mlendo, angakupangire nazo mankhwala.

Namwino, Mayi Lusizi, sanamuseke. Anati funsolo ndi labwino, ndipo anaimirira pomwe aliyense akanawamva.

"M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochuluka kuposa mchenga womwe mungatape m'manja," anatero. "Musachite mantha. Tambiri mwa ito ndi tabwino. Timatithandiza kugaya chakudya, ndipo timakhudza mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta. Timakonda masamba, nyemba, zipatso ndi zakudya zosakonola. Munthu akamangodya zoyera, zamafuta ndi zotsekemera, mitundu ina imachepa. Akamamwanso makapisozi popanda dokotala, amapha toipa ndi tabwino tomwe. Inu amene mumati mukutsuka m'mimba, mukutentha munda ndi mbewu zake.

"Ofufuza aona kuti tizilombo ta anthu a m'midzi timasiyana ndi ta anthu a m'mizinda, ndipo ta kuno timasiyana ndi ta kunja. Aonanso kuti ta anthu ambiri odwala shuga timasiyana ndi ta anthu osadwala. Chomwe sitikudziwa bwino n'chakuti chimayamba n'chiyani, matenda kapena kusintha kwa tizilomboto. Ndiponso zambiri zomwe zikudziwika zinapezeka poyeza anthu a mayiko ena, odya zakudya zina. Za munthu wodya kondowole ndi usipa n'zochepa. Choncho sindikukuuzani kuti kondowole imachiza shuga ayi, nayonso ukaichulutsa imakweza shuga. Tikufuna tidziwe zoona za anthu a kuno, n'chifukwa chake aliyense apereke zake zenizeni."

Kenako ananena mawu omwe anamulasa Felesita. Anati kabotolo sikanena za matenda a munthu mmodzi, ndipo kamapita kokayezedwa ndi nambala, osati dzina. Zotsatira za munthu sizipita kwa bwana wake kapena kwa wina aliyense. Chomwe chimaonetsa shuga ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo yankho amauzidwa mwini wake yekha, m'chipinda.

Apa Felesita anamvetsa. Bambo ake ankaopa kabotolo komwe sikakanawaulula, n'kumathawa kubayidwa pachala komwe kukanawathandiza.

Nthawi yake itakwana analowa m'chipinda. Mayi Lusizi anayang'ana nambala ya pakabotolo n'kufunsa kuti a Bester ali kuti. Felesita anayankha monga anamuuzira, kuti atanganidwa ndi alendo. Namwinoyo anati palibe vuto, adzabwere okha tsiku lina kudzayezetsa magazi, ndipo anatambasula dzanja kuti alandire jumbo ija.

Felesita sanaipereke. Anaigwira zolimba mpaka namwino anadabwa.

"Zimene zili umu ndi za bambo ako?" anafunsa mofatsa.

"Ayi, amayi. Ndi zanga."

Atangotero, zonse zinatuluka. Ananena za ludzu, za nyerere, za makapisozi a ku Mpamba, za sokosi ndi za bala losapola. Ananenanso za mantha a bambo ake pa ntchito. Mayi Lusizi sanamudule mawu. Atamaliza anangomufunsa mtundu wa chalacho, ndipo Felesita anati chayamba kuda kunsonga komanso chikutulutsa fungo.

Namwino anavala magolovesi n'kukataya kabotolo kaja. Anamuuza kuti sangawakakamize bambo ake chilichonse, ndipo za kafukufuku zikhoza kudikira, ngakhale kulekeka kumene. Koma phazi silingadikire. Anati galimoto yawo idutsa ku Kande masana omwewo, ndipo akhoza kuima pakhomo ngati mlendo, osatchula kuti wawauza ndani.

Felesita anapukusa mutu. Anati bambo ake adziwabe, ndipo ndi bwino amve kwa iye namwinoyo asanafike.

5. Nsapato

Kusukulu sanapiteko tsiku limenelo. A Bester ankabwera kunyumba kudzapuma alendo akatha kudya chakudya chamasana, ndipo anamupeza atakhala pakhonde ndi yunifolomu yake. Nyalongwe anali pabwalo akusefa ufa wa kondowole.

A Bester anamufunsa ndi maso ngati wapereka. Felesita anagwada, n'kunena momveka, amayi ake akumva, kuti kabotolo katayidwa, kuti wawauza anamwino zoona zokhazokha, ndi kuti akubwera kudzaona phazi.

Sefa inaima m'manja mwa Nyalongwe. A Bester sanakuwe, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa. Anakhala pampando pang'onopang'ono. Ananena kuti wawavula pagulu. Anati anamudyetsa, kumuveka ndi kumuphunzitsa ndi ntchito yomweyi, ndipo lero waigulitsa kwa mlendo m'mawa umodzi. Anamufunsa ngati kusukulu amaphunzitsa ana kunyoza makolo awo.

Felesita sanadzuke pomwe anagwada.

"Ada, ndakulakwirani pokana zomwe munandituma," anatero. "Mundikwiyire mmene mungafunire. Koma ine sindikufuna kudzakupindirani buluku ngati la asibweni."

Nyalongwe anaika sefa pansi, n'kubwera kudzaima pafupi ndi mwana wake. Sanakalipe. Anangowauza amuna ake kuti iye anasamalapo kale mlongo wake atadulidwa mwendo, ndipo fungo lomwe wakhala akulimva kuchipinda akulidziwa, kungoti ankaopa kulitchula.

Galimoto yoyera inaima pamsewu. Mayi Lusizi anatsika okha, ndi kachikwama kawo, n'kuodira ngati mlendo wina aliyense. Anapereka moni kwa onse. Anawauza a Bester kuti akafuna abwerera pomwepo, ndipo za pakhomo pano sizikafika ku loji kudzera mwa iwo. Kenako anakhala pamkeka n'kudikira.

Anadikira nthawi yaitali. A Bester ankangoyang'ana pansi. Pamapeto pake anawerama movutikira, mimba ikuwatchinga, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato ya kumanja. Sokosi inali itamatirira, ndipo namwino anachita kuinyowetsa ndi madzi kuti ichoke. Nyalongwe ataona chalacho anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

Mayi Lusizi anawapempha dzanja, n'kuwabaya pachala. Anayang'ana kamakina kawo, kenako anayang'ananso phazi. Anati shuga wakwera kwambiri, ndipo bala lotere si la chipatala chaching'ono. Ayenera kupita ku Nkhata Bay lero lomwe, pa galimoto yomweyo. A Bester atafunsa za chala, anawayankha kuti sangalonjeze. Atafunsa za mwendo, anati pamenepo chiyembekezo chilipo, chifukwa abwera akuyenda okha.

Nyalongwe analowa m'nyumba kukalongedza zovala ndi bulangete. A Bester anaimirira atagwira mzati wa khonde. Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kiyi wa stolo ya kukhitchini, yemwe sankasiyana naye ngakhale popita kutchalitchi. Madzulo amenewo ku loji kunali alendo odzaza basi, ndipo chakudya chawo chonse chinali chotsekeredwa mu stolomo.

Anamupatsa Felesita kiyiyo osamuyang'ana kumaso.

"Kapereke kwa a manijala," anatero. "Akakufunsa kuti wophika wawo ali kuti, ukawayankhe wekha. Si ndiwe wodziwa kunena zoona?"

Galimoto inanyamuka, bambo ake atakhala kumbuyo, phazi lopanda nsapato atalisanjika pachikwama. Sanacheuke. Nsapato ya kumanja ija inatsala pakhonde, ndipo Felesita anailowetsa m'nyumba kuti isanyowe ndi mame. Anauza azing'ono ake kuti asachoke pakhomo. Kenako anafumbata kiyi uja n'kutsika njira ya mchenga yopita ku loji, komwe a manijala anali ataima kale pageti, akuyang'ana kumsewu.